Malire a Mpunga wa Azakhali

Ntchito yanga yoyamba sindinaipeze ndekha. Anandipezera azakhali anga a Nangozo, alongo awo a malemu bambo anga, ndipo anaipeza ndi mpunga. Ine nditalemba mayeso a Fomu 4 ndinangokhala kwathu kuchigwa, ndikuthandiza kupirikitsa mbalame ku sikimu ya mpunga, satifiketi ili m'sutikesi pansi pa bedi. Anzanga ena anapita ku Lilongwe, ena anakwatiwa. Ndinali nditafika poti munthu akandifunsa kuti ukutani masiku ano, ndinkangoseka n'kusintha nkhani.

Azakhali ankalima mpunga pa puloti yawo, kuukonoletsa kuchigayo, kuupeta, n'kukwera nawo kumtunda kukagulitsa pa Nsipe. Amene anadutsapo pamsewu wa M1 akudziwa malonda a pamenepo. Minibasi ikaima, amayi amathamangira kumawindo mabeseni ali pamutu, uyu tomato, uyu mbatata, uyu anyezi, ndipo wofika koyamba ndiye wagulitsa. Azakhali anathamanga motero zaka zambiri mpaka maondo anakana. Maondowo ankatupa n'kumatentha, moti masiku omaliza azakhali ankafika pawindo galimoto ikunyamuka kale. Kuchipatala anawauza kuti asiye kuthamanga. Iwo anafunsa adokotala ngati minibasi nazo aziuza kuti zizidikira.

Pa Nsipe pomwepo panali golosale ya a Jere, bambo amene anakhala zaka zambiri ku Joni, poyamba pa famu, kenako m'sitolo yaikulu akupakira katundu. Pobwerera kumudzi anabwera ndi mashelefu achitsulo amene anagula ku sitolo ina yomwe inkatsekedwa, ndipo ankawanyadira kuposa galimoto yawo. Malemu akazi awo ankayimba kwaya imodzi ndi azakhali. Ndiye tsiku lina azakhali anavala chitenje chawo chopitira kutchalitchi n'kunditenga kukapempha zinthu ziwiri: malo a mpunga wawo pa shelefu, kuti asamathamangenso, ndi ntchito ya mwana wa achimwene awo. A Jere anavomera zonse. Anatitengera pa shelefu yapakati, yofika pachifuwa, n'kuuza azakhali kuti agoneke mkono wawo pamenepo. Anaika chotchinga chimodzi pachigongono, china kunsonga ya chala.

"Malo anu ndi amenewa, mayi," anatero. "Muzingobweretsa, mtsikanayu aziika, inu muzipuma."

Azakhali anawomba m'manja atapinda maondo, maondo owawa omwewo. Pobwerera kunyumba anandigulira chimanga chootcha, ndipo njira yonse ankangoyimba chapansipansi.

Zotchingazo ndizo zinali ntchito yanga yeniyeni, ngakhale pondilemba anati ndine wogulitsa. A Jere ankazitchula madivayida. Azakhali atangoziona anati ndi timalire, ndipo ine ndinatengera dzina lomwelo. Tinali timbale tapulasitiki yolimba, toonekera ngati galasi, tokhala choimirira kuchokera kutsogolo kwa shelefu mpaka kukhoma. M'mphepete mwa shelefu iliyonse munali kanjanji kachitsulo kokhala ndi mano ngati a chipeso, ndipo kamalire kalikonse kanali ndi phazi lolowa m'manomo. Pofuna kukasuntha umatsina phazilo ndi chala chachikulu, kukanyamula pang'ono, kukatsetsereza kumene ukufuna, n'kukakanikiza mpaka kalire kuti khe. Kakapanda kulira ndiye kuti sikanagwire, ndipo sopo woyamba kutsamirapo agwetsa mzere wonse. Kuchokera pa dzino limodzi kufika pa linzake panali mpata wokwana chala chimodzi.

Fumbi la pamsewu linkadzaza m'manomo tsiku lililonse. Ndinkalichotsa ndi mswachi wakutha, ndipo nthawi ya dzinja, dzimbiri likayamba, ndinkapakamo kadontho ka mafuta ophikira ndi nsanza. Phazi likang'aluka ndinkalimanga ndi mphira ya chubu, chifukwa timalire tatsopano kunalibe kotigula. Malamulo a a Jere ndimawakumbukira mpaka lero. Katundu watsopano kumbuyo, wakale kutsogolo. Zolemba za papaketi ziziyang'ana kukhomo. Sopo asagundane ndi shuga kapena masamba a tiyi, fungo limalowa. Koma lamulo lalikulu pa onse linali lakuti shelefu isakhale ndi magweru.

"Kasitomala akaona gweru amayesa sitolo ikugwa," ankatero. "Chinthu chikatha, sunthira madivayida, tambasula chapafupicho, tseka."

Choncho tsiku lonse ndinali kutsina, kunyamula, kutsetsereza, kukanikiza. Mchere ukachepa, machesi alowe m'malo mwake. Mchere ukabwera, machesi abwerere. Galimoto yokaoda katundu ikafika, mashelefu onse ndinkawatsitsa n'kuyambiranso. Mpando munalibe m'sitolomo, chifukwa a Jere ankati mpando umabweretsa tulo. Tinkatsegula dzuwa lisanatuluke bwino, kutseka anthu atatha pamsewu. Chikhadabo cha chala changa chachikulu chinang'ambika, chinamera china, nachonso chinang'ambika. Ndikafika m'kachipinda kanga kalendi kuseri kwa sitolo ndinkakhala pabedi kuti ndivule nsapato, n'kudzuka m'mawa nsapato imodzi ili kuphazi. Sindinkadandaula kwa munthu. Walira mvula walira matope, ndipo ntchitoyo ndinailira ndekha.

Azakhali ankabwera Lachisanu lililonse pa kabaza wa njinga yamoto, thumba la mpunga atalimangirira kumbuyo. Mpungawo ankauyeza kunyumba, kuuthira m'timajumbo toyera n'kumata pakamwa pake ndi lawi la kandulo. Unali wonunkhira, wopanda mwala, ndipo aphunzitsi ndi anamwino a pafupi ankaudziwa. Ine ndinkauika m'malo mwake, azakhali n'kukhala pakhonde kucheza ndi anzawo akale, kuyang'ana ena akuthamanga. Miyezi yoyambayo anayamba kunenepa. Ndodo imene ankayendera anaisiya kunyumba.

Vuto linali lakuti mpungawo unkayenda msanga. Pofika Lolemba unkakhala utatha, ndipo pakati penipeni pa shelefu yabwino kwambiri m'sitolo yonse pankatsala gweru lotalika mkono, mpaka Lachisanu. Azakhali sakanatha kubweretsa wambiri, puloti yawo inali imodzi ndipo mpunga ankaugawa kuti ufike nyengo ina. A Jere ankadutsa pagwerupo akutsonya. Tsiku lina anaima.

"Edina, sunthira dzino limodzi. Makaroni alowe."

Ndinasuntha. Lachisanu m'mawa ndinafuna kubwezera kamalireko pamalo pake, koma anandiona.

"Siya. Chala chimodzi si munda."

Kwathu ku sikimu mapuloti amalekanitsidwa ndi kakhoma ka matope. Munthu akakasema ndi khasu ngakhale pang'ono kuti akuze mbali yake, nkhani imafika ku komiti, ndipo anthu amasiya kulonjerana mpaka akumane pamaliro. Ndinakulira m'menemo. Koma a Jere anali abwana anga, ndipo ntchito ina ndinalibe. Sabata ina anati dzino linanso. Patapita masabata angapo, linanso. Ankanena mosayang'ana n'komwe, ngati akunena kuti sesa pakhomo. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Mkono uja unasanduka zikhatho ziwiri, kenako chikhatho ndi theka.

Lachisanu lililonse ndinkadikira kuti azakhali anenapo kanthu. Sananene. Ankalowa, kupereka moni kwa a Jere, kufika pa shelefu, kutsamiza dzanja lawo pamalo a mpunga n'kupuma mwamphamvu, akuti, "Ndipumeko kaye, kabaza uja wandigwedeza." Akatero ankandifunsa ngati ndikudya, ngati chipinda sichikudontha. Ndinkaganiza kuti maso awo ayamba kuchepa mphamvu, ndipo kunena zoona ndinkapuma nazo bwino.

Chimene ndinaona n'chakuti mapaketi anayamba kusintha. Muyezo unali womwewo, koma anayamba kuonda n'kutalika, moti m'malo mowagoneka ndinkawaimika ngati makandulo. Makasitomala anayamba kuseka. Mphunzitsi wina ankalowa n'kunena kuti, "Tipatseni mpunga wa mafirizesi uja." Ndinkaganiza kuti azakhali apeza timajumbo totchipa kwinakwake. Ndinkangothokoza kuti mapaketiwo akukwana bwinobwino pamalo otsalawo, sabata iliyonse, osapanikizana.

Chaka chachiwiri, tsidya lina la msewu kunatsegulidwa sitolo yatsopano, yapenti yowala, ya furiji ziwiri ndi nyimbo pakhomo. Makasitomala athu anayamba kuoloka msewu. A Jere anasiya kudya masana. Ankaima pakhomo manja ali kumbuyo, kuyang'ana tsidya, akutsokomola chifuwa chawo chimene anabwera nacho ku Joni. Sindinganene kuti anali munthu woipa. Anali wotopa ngati ine, kungoti iwo kutopa kwawo anali ndi wokutulira.

Ndi nthawi imeneyo pamene kunabwera bambo wa kampani ina yogulitsa zakudya za m'mapaketi, atavala malaya a mtundu wa kampani yake, tepi yoyezera ili m'thumba. Anayenda m'sitolo monse, anayeza shelefu yapakati, n'kukambirana ndi a Jere pa kauntala. Kampani ipenta khoma lakutsogolo, ibweretsa furiji. Iwo apereke shelefu yapakati yonse, kuyambira uku mpaka uko. Pa katundu wa kampaniyo panalinso mpunga wa m'mapaketi olembedwa, ndipo bamboyo ananena poyera kuti mpunga wopanda dzina usapezekenso m'sitolomo. Limenelo linali Lachinayi. Atachoka, a Jere anandiitana.

"Mawa m'mawa utsitse shelefu yapakati. Madivayida onse uchotse, abwera ndi awo."

"Nanga mpunga wa azakhali, abwana?"

"Ndilankhula nawo ndekha."

M'mawa mwake ndinapeza makiyi atawasiya kwa mlonda. Anali atanyamuka m'bandakucha kupita ku boma kukaoda katundu amene sitinkamusowa n'komwe. Ndinaima pakhomo makiyi ali m'manja. Mkwiyo unalipo, koma mphamvu zokwiyira ndinalibe. Ndinatsegula n'kuyamba ntchito.

Ndinatsitsa makaroni, mchere, soya, shuga, zonse m'makatoni. Ndinachotsa timalire kamodzikamodzi n'kutiunjika pansi. Kakumanja kwa mpunga, kamene ndinkakasuntha miyezi yonseyi, kanachoka mosavuta, phazi lake linali litasalala. Koma kakumanzere, kamene a Jere anaika pachigongono cha azakhali tsiku loyamba lija, kanali kasanasunthepo n'kamodzi komwe. Dzimbiri ndi fumbi zinali zitakamatirira ku kanjanji. Ndinatsina, kanakana. Ndinadontheza mafuta, kanakana. Ndinalowetsa nsonga ya mpeni pansi pa phazi n'kutukula, ndipo phazilo linathyoka, chidutswa n'kutsalira m'mano. Ndinachitokosa ndi waya thukuta likutsika m'khosi, makasitomala akuitana ku kauntala, wina akufuna shuga amene anali pansi pa katoni.

Bambo wa kampani anafika dzuwa litakwera. Timalire take tinali tofiira, tatsopano, tolira bwino. Anandionetsa poika ndi tepi yake, ine n'kumakanikiza. Tinali titangomaliza kusanja pamene ndinamva njinga yamoto ikuima panja. Sindinatembenuke. Ndinamva thumba likutsitsidwa pakhonde, kenako mapazi odziwika aja, limodzi lokoka pang'ono.

Azakhali anapereka moni kwa mlendoyo mwaulemu, monga amachitira ndi aliyense. Anafika pa shelefu. Anayang'ana kuchokera uku mpaka uko, mapaketi ofanana okhaokha atandandalikana. Kenako anakweza dzanja n'kulitsamiza m'mphepete, pamalo pomwe ankatsamira masiku onse.

"Mayi, chonde musatsamire pamenepo, mugwetsa katundu," anatero bamboyo. Sananene mwachipongwe. Sankawadziwa.

"Pepani, bambo," anayankha azakhali, n'kuchotsa dzanja.

Anatuluka, ine n'kuwatsatira pakhonde. Ndinafotokoza za kampani, za furiji, za a Jere amene athawira ku boma. Mawu ankandituluka mosalongosoka. Pomaliza ndinati ndikusiya ntchito, tibwerere limodzi kumudzi lero lomwe. Iwo anakhala pansi pamasitepe, anatambasula mwendo wowawawo, n'kumasula thumba. Anatulutsa paketi imodzi. Inali yoonda kuposa onse amene ndinawaonapo.

"Sabata yatha panatsala zala zinayi," anatero. "Ndinati sabata ino patsala zitatu, ndiye ndamata a zala zitatu. Ndangolakwitsa masamu."

Ndinawafunsa ngati ankadziwa nthawi yonseyi.

"Mwana iwe, ine ndakalamba ndi malire. Unkayesa ndimatsamira paja chifukwa cha maondo okha?"

"Nanga bwanji simunanene, azakhali?"

"Ndinene kwa ndani? Tinalowa pakhomo ili tsiku limodzi, ine ndi iwe. Ndikanakangana ndi a Jere tikanatulukanso tsiku limodzi."

Pamenepo ndi pomwe ndinaiyang'ana bwino paketiyo. Sikanali kajumbo kogula kotero. Kanali kajumbo wamba, kodulidwa m'litali n'kumatidwanso mbali yonse kuchokera pansi mpaka pamwamba, ndi kandulo. Paketi iliyonse m'thumbamo inali yotero. Azakhali anatembenuza manja awo pamiyendo. Nsonga za zala zinali zakuda, zosalala, zina zili ndi matuza atsopano. Zalazo ndinkaziona Lachisanu lililonse, ndipo ndinkayesa ndi za pamoto wophikira.

"Ukasiya ntchito, ndiye kuti zala izi ndinkaziotchera chiyani?" anatero. "Pita, kasitomala akudikira. Koma undibwereke kaye beseni lako lochapira."

Ndinakatenga beseni. Anasanjamo mapaketi oondawo, ndinawathandiza kusenza, iwo n'kutsetsereka nalo kumsewu. Ine ndinabwerera ku kauntala, chifukwa kunalidi mayi wofuna mafuta ophikira. Khomo la sitolo linkayang'ana pamalo pomwe minibasi zimaima, ndiye tsiku lonselo ndinagulitsa ndikuona. Minibasi yoyamba itaima, atsikana a tomato anauluka. Azakhali anayesa kuthamanga masitepe angapo, kenako anangoyenda mofulumira, dzanja limodzi pa beseni, lina pa bondo. Anafika pawindo kondakitala akumenya chitseko. Yachiwiri chimodzimodzi. Masana ndinawatengera madzi ndi sikono, analandira, n'kundibweza kuti abwana angakupeze kulibe. Pofika madzulo beseni linali lidakali lodzaza kupitirira theka. Sindinalire m'sitolomo. Ndinali nditatopa moti ngakhale misozi sinabwere.

A Jere anabwera dzuwa litapendeka, analowera khomo lakumbuyo. Anayang'ana shelefu yofiira ija, anati yakongola, ndipo sanafunse kanthu kena. Lachisanu lotsatira ndinapeza benchi pakhonde, yatsopano, ikununkha utomoni. A Jere sananene kuti ndi ya ndani, ndipo azakhali sanafunse. Ankakhalapo podikira minibasi. Ndicho chipepeso chokha chimene chinaperekedwa, ndipo sindikudziwa ngati chinali chokwanira. Khoma linapentedwa, furiji inabwera, makasitomala ena anabwerera.

Ndinagwira ntchito kwa a Jere zaka zina zingapo. Lero ndili m'sitolo yaikulupo ku boma, ndimayang'anira mashelefu, ndipo olembedwa kumene ndimawaphunzitsa ndine. Ndimawaonetsa kutsina, kunyamula, kutsetsereza, kumvera kulira kwake. Zimenezo amazigwira tsiku limodzi. Chimene ndimabwereza n'chakuti usanasunthe kamalire uyambe wafunsa kuti katundu wa mbali inayo ndi wa ndani. Ngati ndi wa mayi wobweretsa uchi kapena nsinjiro, umuuze wekha pamaso, asanalipire kabaza kuchokera kumudzi. Malo akhoza kuchotsedwa ndithu, malonda ndi otero, ndipo ine sindingaletse. Koma munthu asadziwire ndi dzanja lake. Ena amandiona ngati wovuta, ndipo mwina ndine wovutadi.

Azakhali anasiya kukwera ku Nsipe mvula ya chaka chomwecho itayamba. Maondo sanalolenso. Mpunga wawo tsopano amaugulitsa kuchigwa komweko kwa mavenda obwera ndi masikelo awo, pamtengo umene mavendawo anena. Ndimapita kukawaona mwezi ukatha, ndi shuga ndi mankhwala opaka. Ndikawafunsa kuti muli bwanji, amati ali bwino, mpunga wachita bwino, ndisadandaule. Ndimavomera, kenako ndimatenga manja awo n'kuwatembenuza kuti ndione ndekha.